Mchombo wa Chimeza

Lonjezolo linaperekedwa m'mawa wa tsiku la ulendo, chikwama chili kale pakhomo. Achimwene ake, amene anali injiniya pa nyumba youlutsira mawu, anamutengera m'chipinda cha makina namuimika pamaso pa kompyuta yaitali ngati kabati ya zovala. Awiriwa ndiwo anailembera pulogalamu yosungira mawu pa matepi, iye akadali mtsikana wa sukulu, achimwene akadali ndi tsitsi.

"Kumene ukupitako akakuphunzitsa kunyoza zinthu," anatero achimwene. "Ukadzabwera udzaiona ngati chitsa. Lonjeza kuti siidzazimitsidwa ndi dzanja lako."

Iye anaseka, naika chikhatho pa chitsulo chofundacho. "Ndi dzanja langa ayi, achimwene. Ndalonjeza."

Anapita ngati wokatunga madzi, nakabwera ndi imvi. Maphunziro anabala ntchito, ntchito inabala ukwati, ukwati unatha, ntchito inatsala. Za maliro a amayi ake anazimvera pa foni. Pobwerera anapeza mitengo ya mumsewu wawo itadulidwa, laibulale imene inamulera itasanduka sitolo ya matayala, ndipo dzina lake lenileni litaiwalika. Aliyense ankangoti Mtchona, ena pamaso, ena kumbali.

Chimene sichinasinthe ndi kompyuta ija. Tsopano ankaitcha Nkhalamba, ndipo inali isanagonepo. Magetsi akathima inkapumira mabatire amene achimwene ankawasamala ngati mbuzi za mkaka. Iwo anapuma ntchito kalekale, maso akuwathera, koma m'mawa uliwonse ankabwerabe kudzaimvetsera ikung'ung'udza.

Ntchito imene anamuitanira Mtchona inali yosamutsa. M'mashelefu munali matepi mazanamazana: oimba amene anafa, masewero, nkhani za zaka zimene anthu amakanganirana kuti zinachitika bwanji. Matepiwo anali akufumbwa. Pankafunika kuti pulogalamu yakale ija ailembenso kuti iyende pa sisitimu ya makompyuta atsopano, akopere zonse nthawi isanathe. Vuto linali makina owerengera matepiwo. Anatsala amodzi okha, chibokosi cholemera chimene ankachitcha Chimeza chifukwa cha mmene chinkalandirira tepi. Nkhalamba ndi Chimeza ankamvana ngati mkazi ndi mwamuna okalambirana. Sisitimu yatsopano inkachidziwa Chimeza ngati anthu okumana pa depoti: moni, moni, basi. Mtchona anavutika milungu ingapo kuti azimvana kudzera pa kachingwe kolumikizira kamene anabwera nako, ndipo mumtima ankanyada. Matepi akanasamuka, Nkhalamba osaikhudza.

Lolemba m'mawa, tsiku loyamba kukopera, anapeza pa shelefu pali malo oyera a makona anayi, fumbi litawazungulira ngati mpanda. Chimeza panalibe.

*

"Uku ndi kuwononga katundu wa bungwe mwadala, a Sajeni, ndipo ndikufuna lipoti lanu litero," anatero a Manijala, mwamuna wa tayi yofiira amene ankalankhula ngati akuwerenga nkhani za madzulo. "Ndinawatsimikizira kale akuluakulu kuti mwezi uno ukamatha chipinda chino chikhala situdiyo, ndipo tepi iliyonse yokoperedwa ipita kudzala."

Sajeni anali wapolisi wamimba, wa maso aulesi amene sankaphonya kanthu. Anatembenukira kwa Mtchona. "Mayi, chinthuchi chingagulitsidwe kuti?"

"Ngakhale wogula zitsulo zakutha angakuuzeni kuti mumuthandize ponyamula."

"Ndiye wakuba wathuyu ndi chitsiru, kapena ndi wachikondi. Mukuonapo chiyani inu? Ine ndikungoona zingwe."

Mtchona anamusonyeza. Tizitsulo tomangira Chimeza tinali m'chivundikiro cha kapu, titandandalikidwa kuyambira katali mpaka kakafupi. Chingwe sichinadulidwe, chinakulungidwa bwino ngati cha munthu woti adzachifunanso. Ndipo Nkhalamba inali ikung'ung'udzabe, nyali yake yobiriwira ikuphethira.

"Mukangozula Chimeza osaiuza, Nkhalamba imauma pomwepo. Pali mawu ake oyenera kulemba kaye. Wakubayu anatsanzika," anatero Mtchona.

"Wakuba waulemu," anatero Sajeni akulemba. "China?"

China chinalipo, koma Mtchona anachimeza. Kumbuyo kwa Chimeza kunkakhala kachitsekero kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotsekera pamene chingwe chathera. Popanda iko makinawo amakhala gonthi. Sabata yathayo iye anakachotsa poyesa kachingwe kake, nakaika m'dirowa ya pansi, m'kati mwa zinyalala za mawaya. Anatsegula dirowayo ngati akufuna cholembera. Kanalibe. Wakubayo sanangotenga chimene anaona, anafunafuna chimene ankadziwa kuti chikusowa. Kachitsekeroko m'mabuku kali ndi dzina lake lachizungu, koma iye ndi achimwene ankakatcha mchombo, ndipo m'nyumba yonseyo panalibenso wina wodziwa kuti kaliko.

"Palibe china," anatero.

*

Mlonda anawalandira m'kanyumba kake ka pachipata, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ine chipata ichi ndachilondera kuyambira mayi awa akuvala yunifomu ya sukulu. Mlendo sanalowe. Loweruka sanalowe, Lamulungu sanalowe. Ngakhale galu wa pa garaja, amene amabwera tsiku ndi tsiku kudzandiona, dzulo anapumula."

"Ndiye chinatuluka chokha?" anafunsa Sajeni.

"Zimenezo mufunse ophunzira, bwana. Ine ndimalondera anthu. Za makina oyenda okha sukulu yake sindinafike."

"Makiyi a chipindacho ali ndi yani?"

"Ine, a Manijala, ndi a Injiniya."

"A Injiniyawo ndi achimwene anga," anatero Mtchona msanga. "Diso lawo limodzi linafa kale. Linalo analichita opaleshoni Lachisanu, n'lomanga. Sangaone ngakhale dzanja lawo."

"A Manijala sangabe chinthu chimene akufuna kutaya," anatero Sajeni. Anayang'ana mlonda kuyambira ku nsapato. "Ndiye mwatsala inu, madala. Dzuwa likapendeka chinthucho chisanaoneke, mukagona kwathu. Ndikuchenjezeretu, mabulangete tilibe."

Mlonda anangoyang'ana Mtchona, kuyang'ana kwa munthu amene ali ndi mawu m'kamwa koma si ake.

*

Achimwene anali pakhonde la nyumba yawo, pa mpando wa ndalema, nkhope itakwezedwa kumwamba, thonje ndi pulasitala zitaphimba diso.

"Lamulungu munali kuti, bambo?" anafunsa Sajeni.

"Mumdima, a Sajeni. Mukandifunsa za lero, yankho ndi lomwelo."

"Makiyi anu?"

"M'thumba la jekete. Jeketelo lili pamene mkazi wanga waliika. Ine masiku ano ndine katundu, ndimakhala pamene andisiya."

"Mwamva kuti makina anu abedwa?"

"Ndamva."

"Simukuoneka odandaula."

"Adokotala anandiletsa kulira. Akuti zisokoneza ulusi."

Sajeni anaseka mpaka mimba inagwedezeka, nalandira tiyi. Mtchona analowa m'nyumba kutsatira alamu ake, mayi wosoka zovala amene pakamwa pake sipankazizira.

"Alamu, mwaondatu inu. Kunja kuja ankakudyetsani mapepala? Khalani apa, chotsani nsaluzo, n'za mkwatibwi wina wonenepa tsiku lililonse, ndikamuyeza lero mawa wasintha. Ndiye zimene zachitikazi, abale. Anthu ake ouma mtima bwanji. Achimwene anuwa moyo wawo wonse uli m'chipinda chimene chija, ine ndinakwatiwa pamitala ndi kompyuta, sindibisa. Kutenga chimakina chonsecho, ndi kamchombo komwe osakasiya."

Mtchona anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Kachiyani, alamu?"

Alamu anatsegula pakamwa, natseka. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni Mtchona, m'chipindamo munamveka wotchi.

Za mchombo Mtchona sanauze Sajeni, sanauze Manijala, sanauze munthu. Anayang'ana uku ndi uku. Makina osokera anali pa tebulo ali pamtunda, fumbi la nsalu likuwagwera, pamene alamu ankawavundikira ngakhale popita kukatsegula chitseko. Chivundikiro chake chathabwa chinali pakona, pansi, atachiyalira kansalu ndi kuikapo maluwa apulasitiki. Mtchona anachotsa maluwawo, nayesa kuchikankha ndi phazi. Sichinasunthe.

Mlendo sanalowe. Mlonda uja sananame. Munthu amene walowa pachipata m'mawa uliwonse kwa moyo wonse, mkazi wake atamugwira dzanja, si mlendo. Ndipo ndani angasechere wakhungu ndi mayi wonyamula makina ake osokera?

"Ine ndinangonyamula, alamu," ananong'ona alamu. "Msana mpaka lero."

*

Mtchona anadikira kuti Sajeni apite kuseri kukasamba m'manja, nakhala pansi pafupi ndi mpando wa ndalema.

"Tizitsulo mwatindandalika kuyambira katali, achimwene."

Achimwene sanatembenuke. "Ndinakuphunzitsa ndine kumasula Chimeza utatsinzina. Unkayesa ndinkaphunzitsa zimene sinditha?"

"Mlonda akukagona m'chitokosi chifukwa cha inu. Ndipo matepi aja akufa. Mukufuna afere m'manja mwanu kuti Nkhalamba isakhale yopanda ntchito? Ndinapeza njira yoti ndisaizimitse. Lonjezo lanu ndalisunga, ngakhale linali la ana."

"Pulogalamu yako yatsopanoyo, ikafika pa chizindikiro cha mapeto, imatani?"

"Imaima. Imanena kuti tepi yatha."

"Kenako a Manijala amaiponya kudzala."

"Inde."

"Kodi tepi imathera pamene yanena kuti yatha?"

Tepi iliyonse imakhala ndi chizindikiro pamene zolembedwa zathera, ndipo kuseri kwake kumatsala mchira wopanda kanthu. Aliyense amadziwa kuti mchirawo ndi wopanda kanthu. Mtchona mwini wake, polemba pulogalamu yatsopano, sanaganizeko n'komwe.

"Mwaikako chiyani?"

"Ndikanakuuza ukanafuna kumva."

"Ndiye ndikufuna kumva."

Achimwene anapuma mozama. Sajeni anali ataima pakona ya nyumba akupukuta manja pa buluku, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti m'manjamo anasamba msanga.

"Ndinyamule ine," anatero Sajeni. "Mayi aja msana wawavuta."

*

Dzuwa la masana linkalowa pa zenera la chipinda cha makina pamene Sajeni anatsitsa Chimeza pa shelefu ngati khanda. A Manijala anali ku msonkhano. Mlonda anasiya chipata nadzaima pakhomo, osalowa.

Achimwene anapempha kuti asawathandize. Mtchona anaonapo akatswiri m'mayiko a eni, m'zipinda zozizira zokhala ndi makina odula kuposa msewu wawo wonse, koma anali asanaonepo manja ngati awa. Zala zinkayenda zokha, zikupeza bowo lililonse ngati lilime lipeza dzino. Kachitsulo katali, kotsatira, kotsatira. Chingwe. Kenako anapisa m'thumba la malaya, natulutsa mchombo, naukankhira pamalo pake ndi chala chachikulu. Anayenda m'mbali mwa shelefu akusisita misana ya matepi, naima, nasolola imodzi. Chimeza chinaimeza. Anakhala pa kiyibodi, nkhope ili kudenga, nalemba mzere umene Mtchona sanaudziwe.

"Kale kunali nthawi ya mauthenga, Lamulungu masana," anatero achimwene, tepi ikuzungulira. "Anthu ankabwera kuno kudzaitana abale awo amene anatchona. Iwe unali utapita kale. Kunabwera bwana wina anati misozi si mbiri, tifufute, malo akuchepa. Ndinafufuta pamene ankayang'ana. Ndinasunga pamene sankayang'ana. Tepi iliyonse m'chipinda muno ili ndi mchira wodzaza."

Chimeza chinafika pa chizindikiro, chinazengereza ngati munthu pa mlatho wa mtengo umodzi, kenako chinawoloka.

Choyamba kunamveka mpweya, ndi kukhosomola. Kenako mawu a bambo wachikulire, pafupi kwambiri, ngati ali m'chipindamo.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Denga lija tinakonza. Chipinda chako sitinaikemo munthu."

Kenako kamtsikana: "Ababa, dzino lija lachoka. Lina likumera. Mubwere mudzalione lisanakule."

Kenako mayi wa mawu akuthwa: "Bambo a ana, ngati mwakwatira kumeneko palibe mlandu, ingotumizani nsapato za mwana. Phazi lake tsopano likufanana ndi lanu, lokonda kuyenda."

Sajeni anayamba kuseka, kuseka kwake kunathera panjira, navula chipewa. Mawu ankabwerabe, wina pambuyo pa mnzake, okalamba, ana, akazi oyesa kulankhula ngati a pa wailesi, amuna ochita manyazi ndi maikolofoni. Mtchona anakweza maso kuyang'ana mashelefu, kuyambira pansi mpaka kudenga, khoma ndi khoma. Milungu yonseyi ankagwira ntchito pakati pa khamu la anthu oimirira mwakachetechete, aliyense ndi dzina la munthu wake pakamwa, akudikira kuseri kwa chizindikiro chonena kuti palibenso kanthu. Anawerengapo mabuku ambiri onena za mizinda yokwiririka ndi mchenga. Sanadziwe kuti wina ungakwiririke m'chipinda chimene anakuliramo.

"Mayi a nsapato aja ndi akazi a kalipentala wa kuseri kwa msika," anatero mlonda pakhomo. "Tinawaika kalekale. Mwamuna wawo anabwera chaka chatha, akufunsa ngati anasiya mawu."

Achimwene anakweza dzanja. "Wotsatirayu."

Mtchona anawadziwa asanalankhule, pa kapumidwe.

"Mwana wanga wamkazi, wa makompyuta. Ndine mayi ako. Sindikukuitana ayi, ndikudziwa uli pa ntchito. Ndangoti udziwe kuti mpeyala uja unabzala wayamba kubereka. Zikudya ndi mbalame. Achimwene akowa akuti ndisalire pa wailesi, anthu amva, ndiye sindikulira. Uzivala zofunda. Basi, ndatha, mwana wanga, zimitsa."

Panamveka kuseka kwa mnyamata patali ndi maikolofoni, kuseka kwa achimwene a tsitsi, kenako tepi inafika pothera penipeni niima.

Mtchona anagwira shelefu. Mpeyalawo anaupeza chitsa, ndipo sanafunse kuti unadulidwa liti.

"Ankabwera kawirikawiri," anatero achimwene. "Ali m'matepi ambiri. Sindinafune uwamve. Sindinafunenso apite kudzala. Nzeru zinandithera, ndinaba."

Sajeni anatsokomola, natseka kabuku kake. "Ine anandiitana kuti chinthu chasowa. Ndikuchiona chili apa. Madala, bwererani kuchipata, mungalowetse alendo."

Mlonda sanasunthe.

Mtchona anatulutsa tepi ija, napisa chala m'kamwa mwa Chimeza. Chinatuluka ndi fumbi lofiirira ngati la njerwa. Anaika chalacho m'dzanja la achimwene, iwo nalifikisa pakati pa zala zawo.

"Akusenda," anatero Mtchona. "Iliyonse yatsala ndi ulendo umodzi, mwina iwiri. Tikawamvetsera pa Nkhalamba, tikuwamva komaliza. Nkhalamba ili ndi pakamwa, ilibe manja opatsira mnzake."

"Ndiye uphunzitse pulogalamu yakoyo kuwoloka."

"Pulogalamu ndiiphunzitsa lero lomwe, mzere wanu ndauona. Koma kachingwe kanga sikangapititse lamulo limenelo. Kamangodziwa kuti yamba, ima, bwerera. Sisitimu yatsopano ingalankhule ndi Chimeza mokwanira pokhapokha itapatsidwa khadi yeniyeni yolumikizira, ndipo makhadi amenewo anasiya kupanga ine ndisanamere imvi." Anayang'ana Nkhalamba. "Yatsala imodzi."

Achimwene anatembenuzira nkhope yawo yomangayo kumene kunkachokera kung'ung'udza.

"Ili m'mimba mwake."

"Inde."

"Singazulidwe ili moyo."

"Ayi."

"Ndipo ikagona siidzukanso. Mbale zake za m'kati zikungozungulira chifukwa sizinaimepo."

"Ndikudziwa, achimwene."

Achimwene anatambasula dzanja, napeza chitsulo chofunda chija, nalisiya pamenepo. "Unalonjeza," anatero, osati mokalipa, koma ngati munthu wokumbutsa mnzake dzina la mudzi umene anadutsamo kale.

Sajeni anayang'ana mlongo, nayang'ana mchimwene. "Ngati vuto ndi dzanja, langa lilipo. Ine sindinalonjeze munthu."

"Simudziwa kutsanzika kwake," anatero Mtchona.

Anakhala pa mpando umene ankakhalapo miyendo isanafike pansi bwino. Analemba mawu otsanzika, amene awiriwa anasankha iye akadali mwana, ndipo Nkhalamba inayankha pa galasi lake lobiriwira kuti yakonzeka. Anadzuka, nazungulira kuseri kwa kabati, kumene fumbi linali lisanapondedwe. Batani linali pomwe analisiya, lofiira, lolimba.

Anaika chala chake pamenepo, nazimitsa.